Chikuta Chopanda Khomo

Padangokhala, ndipo pokhalapo ine ndinalipo. Ena nthano zawo amachita kutola m'kamwa mwa anzawo ngati nkhuku za pamtondo, koma zanga ndimaziona ndi maso awiriwa. Iyi ndinaiona ku Ulaya, chaka chimene ndinapitako wapansi. Inde, wapansi. Ndinanyamuka Lolemba, nyanja ndinaioloka madzi akulekeza m'mawondo, pofika Lachinayi ndinali ndikupalira m'dimba la mzungu wina wamphuno yaitali, moti mphunoyo ikalowa m'nyumba lero mwini wake amafika mawa. Wotsutsa apite akafunse.

Makutu anga masiku amenewo ankamva nyerere ikamatsokomola kuseri kwa phiri. Choncho zonse zimene tizilombo ta m'dimbamo tinkakambirana zinkandipeza ndili chiweramire ndi khasu langa.

M'dimbamo munali ndiwo ina yachizungu yonunkha ngati mankhwala a chifuwa, eni ake amati selari. Pa masamba ake pankakhala ntchentche ina yaing'ono, dzina lake Namawanga. Musaganize za ntchentche zathu zakuchimbudzizi. Uyu anali mayi waudongo, maso obiriwira, mapiko olembedwa mizere ngati chitenje cha paukwati. Mwamuna wake anali katswiri wovina, china chilichonse ayi. Anamuvinira masiku awiri patsamba, tsiku lachitatu anavinira mu ukonde wa Kangaude, nkhani yake nkuthera pomwepo. Namawanga anatsala yekha ali ndi pakati.

Tsono dziko la m'dimbalo linali ndi lamulo loipa. Mkulu wa asilikali anali Kazembe Mavu, wa m'chiuno ngati ulusi, mkondo wake kumbuyo. Ana a Mavu sayamwa ndipo phala salidziwa. Amadya mnofu wamoyo. Ndiye lamulo linkati mwana aliyense wokwawa, amene sanamere mapiko, akhoza kutengedwa kukhala mlezi wa mwana wa msilikali. Kulera kwake kunali kotere: Kazembe amabaya mwanayo ndi mkondo nkusiya dzira m'mimba mwake. Dziralo likaswa, mwana wa Mavu amadya mlezi wakeyo kuyambira m'kati mpaka kutsala khungu lokha. Wamapiko yekha ndiye anali mfulu, lamulo silinkamukhudza. Choncho mayi aliyense m'dimbamo anali ndi ntchito imodzi yokha, kufikitsa mwana pomera mapiko.

Namawanga anaikira mazira ake oyamba pamwamba pa tsamba, padzuwa, monga ankachitira anzake onse. Anaswa timphutsi mazana anayi, ndinatiwerenga ndekha ndi kamtengo. Pasanathe masiku awiri Kazembe anatera pomwepo.

"Zikomo kuno, mayi. Ndamva kuti Chauta wakuonani."

"Wandiona, Akazembe, koma ndi tofooka. Taonani, tonse tachifuwa."

"Ana anga sasankha."

"Ndisiyireniko theka."

"Lamulo lilibe theka."

"Khumi okha."

"Sendera uko, mayi iwe, ungabayidwe nawo."

Anawabaya onse. Choipa kwambiri nchakuti sanafe tsiku lomwelo. Sabata yathunthu ankakwawabe, akudya, akuitana mayi wawo, alendo akukula m'mimba mwawo. Namawanga anakhala pambali pawo mpaka womaliza anasanduka thumba lopanda kanthu, mphepo nkuliulutsa.

Sanalire nthawi yaitali. Anayamba kupita kubwalo la milandu tsiku ndi tsiku, nkumakhala kumbuyo ngati wosowa chochita. Woweruza anali a Chiswamphika, bambo wamtali wopinda manja ngati akupemphera. Iwowa chifundo analibe, koma mwambo ankauopa kuposa imfa. Ankakhulupirira kuti mwambo ukaswedwa mzungu amabwera ndi pampu yake nkugwetsa mvula yowawa yopha aliyense m'dimbamo. Sankanama kwenikweni, poti wopopera wake ndinali ine, ndipo ndikapopera kamodzi tizilombo tinkafa mpaka m'maiko oyandikana nawo.

Tsiku lina milandu itatha, Namawanga anagwada.

"Bambo woweruza, ndifunse nawo ine mbuli. Mwana akakhala m'chikuta, mwamuna angalowemo?"

"Ngakhale bambo wake womubereka salowa."

"Nanga msilikali?"

"Msilikali si mwamuna kodi?"

"Pepani, bambo, umbuli. Nanga chikuta chimatha liti?"

"Namkungwi akatulutsa mwana pakhomo."

"Pakhomo?"

"Pakhomo. Ukufuna atulukire padenga?"

Bwalo linaseka. Namawanga anawomba m'manja nkuchoka.

Inu tsamba mumaliona ngati chinthu chimodzi. Ine ndinalowamo, ndikudziwa. Lili ndi khungu pamwamba, khungu pansi, pakati pali mnofu wobiriwira wofewa. Namawanga anali ndi kasingano kumchira. Anaboola khungu la pansi, nkuika dzira pakati penipeni, bala lija nkupola lokha. Anatero tsamba ndi tsamba. Mazira anaswa m'katimo, ana nkupezeka ali m'nyumba imene denga lake ndi tsamba, pansi pake ndi tsamba, chakudya chake ndi nyumba yomweyo. Khomo panalibe.

Kuipa kwake kunali kwakuti iye mwini sankatha kuwakhudza. Ankangoona tizithunzithunzi tawo dzuwa likawomba tsamba. Ndiye ankaima pamwamba pawo, akupondaponda ndi miyendo isanu ndi umodzi m'malo mwa ng'oma, nkumawaimbira. Nyimboyo inali yapansipansi, yokoka ngati ya mayi wosinja yekha. Inkawauza kuti adye zapakati, denga alisiye, pansi asiye, ndipo mzere uliwonse unkathera pofunsa ngati alipo onse. Ana ankavomera pokanda khungu la tsamba ndi pakamwa, kwe kwe kwe. Ine ndinasiya kupalira kumvetsera, ndipo misozi yanga inathirira mizere itatu ya anyezi.

Kazembe anabwera.

"Mimba yaphwa, mayi. Ana ali kuti?"

"M'chikuta, Akazembe."

"Atuluka liti?"

"Anamkungwi akawatulutsa pakhomo. Ndi mmene anenera a Chiswamphika."

Kazembe anaitana namkungwi wa m'dimbamo, a Nkhono, mayi wachikulire wosaona bwino, woyenda ndi nyumba yawo kumsana poopa akuba. Ulendo wochoka pa kabichi kufika pa selari unawatengera masiku atatu. Anazungulira tsamba pamwamba, anazungulira pansi, akufufuza ndi nyanga zawo.

"Palibe khomo apa," anatero a Nkhono.

"Boolani," anatero Kazembe.

"Ndine namkungwi ine, mwanawe, sindine mmisiri. Chibadwire sindinaboolepo chikuta. Khomo likapezeka mudzandiitane."

Dimba lonse linaseka. Ngakhale nyerere, zomwe zinali asilikali ake omwe, zinkasekera m'manja. Kazembe anakhala pansi pa tsamba masiku awiri. Tsiku lachitatu dzuwa lili paliwombo anayang'ana kumwamba, nkuona zimene mayi uja ankaona: tizithunzithunzi tikusuntha. Anakwera, anasankha chimodzi, nkulowetsa mkondo kupyola khungu la tsamba.

Namawanga anathamangira kubwalo.

"Aswa chikuta, bambo woweruza."

"Ndalowa ine?" anafunsa Kazembe. "Phazi langa laponda m'katimo? Onani mapazi anga, ngouma. Walowa ndi mkondo, ndipo mkondo sunavinidwe, si mwamuna."

A Chiswamphika anayang'ana kumwamba kuona ngati mvula yowawa ikubwera. Kunali kowala. Anayang'ananso mkondo uja, umene unali pafupi kwambiri ndi mimba yawo.

"Mkondo si mwamuna," anatero.

Madzulo ake Namawanga anaimba nyimbo ija pamwamba pa masamba. Pofunsa ngati alipo onse, kukanda kunamveka ndithu, poti obayidwa ankakandabe. Iye sankadziwa kuti wake ndi uti, wa Mavu ndi uti. Anaimbira onse.

Ulendo wachitatu anasintha nzeru. Anaikiranso m'kati mwa masamba, koma nyimbo anaionjezera ndime. Inkauza ana kuti akuze chipinda chikhale chachikulu, ndowe zawo aziziunjika timilu totalika ngati thupi la mwana, ndipo dzuwa likafika paliwombo onse akagone motsamira msempha waukulu wa tsamba, pamene kuwala sikupyola. Kazembe atabwera anaona zithunzithunzi zili ndondondo, zonenepa, zosathawa. Anabaya tsiku lonse mpaka msana unamupweteka. Mazira ake onse anawasiya m'ndowe.

Zimene zinachitika kunyumba kwake ndinazimva ndili mtunda wa maola awiri. Mkazi wake anamufunsa ngati anakwatiwa ndi kazembe kapena ndi chikumbu chogubuduza ndowe. Anamuponyera mphika. Sabata imeneyo Namawanga anadya mpaka kukhuta, koyamba chifere mwamuna wake.

Koma Mavu ali ndi nyanga, ndipo nyangazo zimamva. Analeka kukhulupirira maso. Ankatera patsamba mwakachetechete, nkugunditsa nyanga pakhungu, nkudikira. Ndowe sizitafuna. Mwana amatafuna. Namawanga anaimba mokuwa kuti aleke kudya mlendo ali padenga, koma mwana wanjala mungamuuze chiyani? Ankapirira kanthawi, kenako mmodzi nkuluma pang'ono, mkondo nkutsika pomwepo. Anatha onse.

Pamenepo Namawanga anati dziko ndi lalikulu, lamulo lili ndi polekezera. Ananyamuka ndi mimba yake. Poyamba anayesa masamba ena kuti Kazembe asadziwe kofunafuna. Anaikira mu kabichi, ana anakana kudya nkufa ndi njala chakudya chili kukamwa. Anaikira mu anyezi, anafa akulira misozi. Mtundu wake unali womangika pa selari ndi abale ake a selari, akumunda ndi akutchire, ofanana fungo. Choncho anatsata fungolo. Anapita kumpoto mpaka kumene mawu amauma m'kamwa ndi chisanu, munthu nkuchita kuwawotha pamoto kuti amveke. Anapita kuzilumba za kumadzulo. Anapita kum'mawa mpaka anapeza dzuwa likusamba m'maso. Paliponse pamene panali selari panalinso msuweni wa Kazembe, chiuno chomwecho, mkondo womwewo, moni waulemu womwewo.

Potsiriza anatsikira kummwera nkufika panyanja ija ndinaoloka ine. Apo anakumana ndi Namzeze, mtengatenga amene amabwera kuno kwathu chaka ndi chaka.

"Achimwene, inu mumayenda. Kutsidyako selari aliko?"

"Kumene ndimafika ine kuli bonongwe ndi chisoso. Ana ako angadye?"

"Sangadye. Nanga a Mavu aliko?"

"Akuluakulu, omanga nyumba zadothi. A kuno ndi ana."

Namawanga anatembenuka. Njira imene anayenda ija ndiyo malire a mtundu wake mpaka lero, ndipo nchifukwa chake kuno simumuona. Amene amalemba mizere yoyera pa masamba a nyemba zanu ndi msuweni wake wakutali, wosadziwa nkuvala komwe.

Namawanga anabwerera m'dimba lathu lija atakalamba, mapiko atang'ambika m'mphepete, nyengo yozizira ili pafupi. M'mimba munatsala mazira atatu okha. Anawaika m'tsamba lapansi penipeni, loyandikana ndi dothi. Ataswa, Kazembe anabwera, anagunditsa nyanga, anamvetsera.

"Atatu basi? Mwakalamba, mayi."

"Ndi omaliza, Akazembe."

"Ngoonda. Ndiwasiya anenepe. Ndibwera Lachisanu."

Linali Lolemba. Namawanga anakhala patsambapo akuganiza. Anakumbukira za iye mwini, mmene anamerera mapiko: kuti mwana wa mtundu wawo akakhuta kotheratu amafupika, khungu nkuuma gwa, nkusanduka lofiirira ngati kambewu ka mapira, osapuma, osagwedezeka, mpaka nyengo itatembenuka. M'dimbamo munalibe amene anaonapo zimenezi, poti ana a Namawanga sankafika msinkhu umenewo.

Anayamba kuimba. Nyimbo inali yomwe ija, kupondaponda komwe kuja, koma tsopano inkatsutsa zonse zimene inaphunzitsa kale. Inkawauza kuti adye osapuma ngakhale mimba ipweteke, ndipo akamva thupi likulemera ang'ambe pansi pa nyumba, agwe, agone, ndipo wina aliyense akawaitana asavomere, ngakhale atakhala mayi wawo. Anaimba masiku atatu mpaka mawu anasasa. Lachinayi m'mawa khungu la pansi linang'ambika. Anagwa mmodzi, wachiwiri, wachitatu. Aka kanali koyamba kuti awaone ndi maso popanda chotchinga. Anali oyera, ofewa, mmodzi wamfupi kuposa anzake. Anatambasula mwendo kuti akhudze wamfupiyo, koma anali atayamba kale kuuma.

Anapita kwa a Nkhono ndi nkhope youma.

"Amayi, kwagwa zovuta. Ana aja apita padera, onse atatu. Agwa okha asanatulutsidwe."

"Nthayo," anatero a Nkhono. "Usalire. Nthayo salira."

"Sindikulira, amayi. Koma Akazembe akuti abwera kudzaona okha mitembo. Akuti inu maso anatha, simungasiyanitse wakufa ndi wogona."

Nyanga za a Nkhono zinatalika kawiri.

"Watero? Kamwana kaja ndinakatulutsa m'chikuta ndine, kali ndi chiuno ngati chomangidwa ndi luzi. Mwamuna aone nthayo? Pa dziko liti?"

Ulendo uja wa masiku atatu anauyenda tsiku limodzi. Ndinaona ndekha fumbi likukwera kumbuyo kwa nkhono. Lachisanu m'mawa Kazembe anapeza amayi a m'dimbamo atazungulira malowo, atatembenuzira misana kunja, a Nkhono ali patsogolo.

"Bwerera," anatero a Nkhono. "Pano pali za amayi."

"Ndingobaya mmodzi, ndione ngati agwedezeke."

"Mkondo wako unapambana mlandu wa chikuta. Uwu ndi wina. Tiye kubwalo."

Kubwalo a Chiswamphika sanachedwe. Mwana wakufa asanatuluke m'chikuta amaikidwa ndi amayi okha. Mwamuna sayandikira, kaya ndi phazi, kaya ndi mkondo, kaya ndi mthunzi wake. Tsiku limenelo kumwamba kunali mitambo, ndipo ine ndinali ndikutsuka pampu poonekera, choncho woweruza sanafune zoyesa.

"Chabwino," anatero Kazembe. "Koma akumbe dzenje lakuya. Mikono khumi. Ngati ngakufa, kuya sikuwapweteka."

Namawanga anauzindikira msampha. Mwana wongomera mapiko sangaboole dothi la mikono khumi. Koma anagwada modekha.

"Kumbani, bambo woweruza, ine ndilibe mawu. Ndakalamba, kubereka ndatha. Ndikungomvera chisoni atsikanawa."

"Atsikana atani?"

"Afunseni anamkungwi. Ine ndine mbuli."

"Nthayo ukaikwirira mozama watseka mimba," anatero a Nkhono. "Ya mayi wake, ndi ya mkazi aliyense amene waponyapo dothi. Ndi chifukwa chake timangopalasa pamwamba."

Amayi onse anayamba kung'ung'udza. Namawanga anayang'ana pansi nkunena ngati akudzilankhulira: "Chaka chamawa ana a asilikali adzaleredwa ndi yani kaya."



"Mupalase pamwamba," anatero a Chiswamphika.

"Ndavomera," anatero Kazembe. "Koma mwambo ndiudziwa nanenso. Mayi wa nthayo sabwerera kumanda, sayang'anako, satchula. Ndikadzangomuona akuzungulira pamenepo, kapena akuimba kanyimbo kake kaja, ndidzadziwa kuti pansipo pali amoyo. Ndidzatuma nyerere zifukule, ndipo mlandu wa kunamiza bwalo udzakhala wake."

"Zimenezo nzoona," anatero a Chiswamphika.

Anawaika masana omwewo, patsinde pa selari, dothi lokwirira chikhadabo chimodzi. Panalibe kulira, panalibe nyimbo. A Nkhono ndiwo anawagoneka, akuwagubuduza ndi nyanga mmodzimmodzi. Pa wachitatu anaima nthawi yaitali, nyanga ili pakhungu lake. Kenako anakwirira. Pobwerera anayenda pafupi ndi Namawanga.

"Ine maso anatha, mwanawe, monga ananenera Kazembe wako uja, ngati ananenadi. Koma nyanga sizinathe."

A Nkhono anatsitsa mawu nkupitiriza.

"Ndaika maliro ine lero. Ukandichititsa manyazi, pofukula ndidzakhala patsogolo. Pita kutali."

Namawanga anapita kumpanda wa kumapeto kwa dimba, nkukhala pamtengo atafulatira selari. Kazembe sanamusiye. Tsiku lililonse ankabwera kudzakhala pambali pake ngati mnzake wodzapepesa.

"Kwazizira lero, mayi. Pansi pa dothi ndiye kaya."

"Akufa samva chisanu, Akazembe."

"Dzulo kunagwa mvula yambiri. Madzi anadikha patsinde paja."

"Adikhe."

"Simuimbanso bwanji masiku ano? Mawu anu aja ndimawasowa."

"Ndiimbire yani?"

Tsiku lachisanu ndi chimodzi nkhuku ya mzungu inalowa m'dimba. Inali nkhuku yaikulu ngati mwana wa ng'ombe, ndipo inalunjika pa selari nkuyamba kupalasa. Kazembe anaiona.

"Tatembenukani, mayi, muone mlendo."

"Mwambo sundilola."

"Ndakulolani ine. Simukuyang'ana manda, mukuyang'ana nkhuku."

Anatembenuka. Anaona zikhadabo zikumwaza dothi patsinde penipeni. Akanatha kuuluka nkukazungulira m'maso mwa nkhukuyo kuti imuthamangitse iye, ntchentche iliyonse imadziwa kutero. Mapiko ake anayamba kutseguka okha. Kazembe sankayang'ana nkhuku, ankayang'ana mapikowo. Namawanga anawatsegula pang'onopang'ono mpaka kumapeto, nkuwatsekanso pang'onopang'ono, ngati munthu wodziwongola ndi ulesi. Kambewu kofiirira kanatulukira poyera, kakafupi kaja. Nkhuku inapendeketsa mutu. Ine ndinaigenda ndi chibuma, ine amene sindinaphonyepo chibadwire, koma chibumacho chinafika itameza kale.

Namawanga anakweza miyendo yakutsogolo nkuyamba kupukuta kumaso monga zimachitira ntchentche zikakhuta.

"Nkhuku ya chaka chino yanenepa," anatero.

Kazembe anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ngakufadi," anatero. "Palibe mayi angakhale chonchi." Anauluka, ndipo sanabwerenso kumpandako.

Koma nyerere zinkadutsabe, ndipo nyerere zimanena. Choncho Namawanga anafulatiranso. Sankadziwa ngati nkhuku inasiya awiri enawo ali okwiririka kapena ali pamtunda, ngati madzi anawalowa, ngati zikhadabo zinawaswa. Kuchoka pampanda kufika patsinde paja unali ulendo wa kuphethira kamodzi. Anakhala pamtengopo masabata atatu. Nthawi zina miyendo inkayamba kupondaponda yokha, iye nkuigwira.

Kenako chisanu cha ku Ulaya chinafika, chija chimagwetsa ufa kuchokera kumwamba, madzi nkusanduka mwala. Asilikali anakabisala m'denga la mzungu. A Nkhono anamata khomo la nyumba yawo. Ntchentche ilibe kobisala. M'mawa wina ndinamupeza ali chikhalire pamtengo paja, atauma, msana uli ku selari. Ndinamukhudza ndi chala, iye nkugwa ngati khoko la mpunga. Ine amene ndinakwirirapo njovu ndi dzanja limodzi, kameneka kanandilemera.

Inapita miyezi isanu. Ufa uja unasungunuka, selari anaphukanso. Tsiku lina dzuwa litatentha, dothi la patsinde linagwedezeka. Panatuluka kamutu, kenako kena. Awiri. Anakwera patsamba ali onyowa, mapiko ali opinana ngati nsalu yochoka m'thumba. Anadikira. Mapikowo anatambasuka, mizere nkuoneka, yomwe ija ya chitenje.

Kazembe anali atangotuluka m'denga, wanjala, ali ndi mazira odzaza. Anatera patsamba lomwelo. Anayang'ana mapiko, anayang'ana timabowo tiwiri m'dothi, anayang'ananso mapiko. Anadzutsa mkondo wake, koma wamapiko ndi mfulu, ndipo dimba lonse linali kuyang'ana. Chimene chinamutsalira chinali mlandu wa kunamiza bwalo, ndipo mlandu umafuna dzina.

"Inu, mwachokera pansipa?"

"Eya, bambo."

"Anakuikanimo ndani?"

Awiriwo anayang'anana.

"Tinangodzuka tili momwemo."

"Mayi wanu ndani?"

"Mayi nchiyani, bambo?"

"Amene anakuberekani. Amene ankakuimbirani muli m'tsamba."

Wamkuluyo anaganiza kanthawi. "Kunkamveka kaphokoso padenga," anatero. "Tinkayesa mvula."

Kazembe anafunsa a Nkhono, a Nkhono anati iwo anaika maliro, za anthu ouluka sazidziwa. Anafunsa a Chiswamphika, a Chiswamphika anati mlandu wopanda mwini bwalo siliutenga. Ana awiri aja anauluka, wina kumpoto, wina kum'mawa. Podutsa anapumira pamtengo wa mpanda uja kanthawi kochepa, poti unali pamalo abwino owothera dzuwa, kenako anapitirira.

Nthano yanga yafera pamenepo. Wambatata akaphule yekha, ine lero sindidya nawo.